Uthenga wopanda nambala: momwe kernel imanenera mavuto ake, ndi ntchito yomwe yatsalira akatswiri a ku Mzuzu

Kompyuta iliyonse, foni yamakono iliyonse komanso kabokosi kogawa intaneti mu ofesi zimayendetsedwa ndi pulogalamu imodzi yaikulu yomwe munthu wamba saiona. Pulogalamuyi imatchedwa kernel. Makina akayatsidwa, kernel ndiyo imatenga ulamuliro: imagawira mapulogalamu ena memory, imalemba ndi kuwerenga pa diski, imazindikira fulashi ikalowetsedwa, ndiponso imayendetsa zonse zodutsa pa netiweki. Pogwira ntchitozi imalemba mizere yaifupi yonena zomwe ikuona: chipangizo chakuti chapezeka, waya wa netiweki wazuka, diski yakanika kuwerengeka pamalo akuti, memory yatha. Mizere imeneyi ndiyo mauthenga a kernel. Makina akafa mosadziwika bwino, kawirikawiri umboni wokhawo wa zomwe zinachitika umakhala m'mizere yomweyi.

Kwa zaka zambiri akatswiri akhala akutsutsana ngati uthenga uliwonse uyenera kukhala ndi nambala yakeyake yosasintha, pamodzi ndi buku lofotokoza tanthauzo lake ndi chochita. Makampani monga IBM ndi Microsoft anatsata njira ya manambala kalekale. Linux, yomwe ndi kernel yofala koposa padziko lapansi, siinavomerebe mpaka lero. Mkanganowu umachitikira kutali, koma zotsatira zake zimamveka kwambiri kumene makina ndi ambiri, katswiri ndi mmodzi ndipo thandizo lili kutali.

Mzuzu ndi malo amodzi otero. Mzindawu, womwe kalembera wa 2018 anapeza kuti uli ndi anthu oposa 220,000, ndi likulu la chigawo cha kumpoto, ndipo kernel ya Linux ili paliponse ngakhale ambiri saidziwa dzina. Mafoni a Android monga Tecno, Itel ndi Samsung omwe amagulitsidwa ku Taifa Market amayendera Linux. Makina osungira mbiri ya odwala omwe bungwe la Baobab Health Trust linayamba kupanga ku chipatala cha Kamuzu Central mu 2001 anadzamangidwa pa mapulogalamu aulere oyendera Linux, ndipo bungwe la Luke International lakhala likuthandiza pa ntchito yamtunduwu m'zipatala za kumpoto kuchokera ku Mzuzu. Ku Luwinga, sukulu ya ukachenjede ya Mzuzu (Mzuni), yomwe inatsegulidwa mu 1999, imaphunzitsa achinyamata omwe mawa adzayang'anira makinawa.

Momwe uthenga umabadwira

Mu Linux, wolemba pulogalamu akafuna kuti kernel inene kanthu amagwiritsa ntchito lamulo lotchedwa printk. Lamuloli linalimo kale m'mtundu woyamba wa Linux womwe Linus Torvalds anatulutsa mu 1991 ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland. Limatenga chiganizo cha Chingerezi chomwe wolembayo wasankha yekha, n'kudzazamo zinthu zosinthasintha monga dzina la diski kapena nambala ya pulogalamu, kenako n'kuchiika m'kachigawo ka memory kosungirako mauthenga.

Kachigawoka n'kakang'ono, kawirikawiri makilobayiti 128 kapena 256, ndipo kakadzaza, uthenga watsopano umafufuta wakale kwambiri. Chipangizo chimodzi chikayamba kudandaula mobwerezabwereza, mzere woyamba womwe unanena gwero la vuto umatha kufufutika katswiri asanafike. Komanso popeza kachigawoka kali m'memory, magetsi akathima zonse zimapita. N'chifukwa chake pamakhala mapulogalamu ena, monga rsyslog ndi journal ya systemd, omwe amakopera mauthenga n'kuwasunga pa diski. Wofuna kuona zomwe zili m'kachigawoka panthawiyo amalemba lamulo la dmesg.

Uthenga uliwonse umanyamula mlingo wosonyeza kukula kwa nkhani, kuyambira 0 mpaka 7. Mlingo 0 ukutanthauza kuti makina sangagwirenso ntchito, 1 kuti pafunika kuchitapo kanthu nthawi yomweyo, 2 kuti vuto ndi lalikulu, 3 kuti chinachake chalakwika, 4 ndi chenjezo, 5 ndi chinthu chosaopsa koma choyenera kuchidziwa, 6 ndi chidziwitso wamba, pamene 7 ndi za olemba mapulogalamu pofufuza zolakwika. Milingo isanu ndi itatuyi ndi yofanana ndi ya syslog, ndondomeko yomwe Eric Allman anapanga ku Berkeley m'zaka za m'ma 1980 pamene ankalemba pulogalamu yotumizira makalata ya Sendmail. Yemwe amasankha mlingo ndi wolemba uthengawo, ndiye zimachitika kuti nkhani yaing'ono yalembedwa ngati cholakwika chachikulu, pamene ina yoopsa yabisala pa mlingo wa chidziwitso wamba.

Manambala omwe alipo ndi omwe kulibe

Woyang'ana zomwe dmesg yatulutsa amaona manambala ambirimbiri, ndipo angadabwe kumva kuti mauthengawa alibe nambala. Kumayambiriro kwa mzere pamakhala masekondi omwe apita chiyatsireni makina. M'kati mwa mzere mumakhala manambala a zipangizo, ndipo kumapeto nthawi zina kumabwera nambala ya mtundu wa cholakwika. Uthenga wodziwika kwa aliyense wokonza makompyuta ndi wakuti "usb 1-1: device descriptor read/64, error -71". Apa 71 akutanthauza kuti kernel ndi chipangizocho sizikumvana polankhulana, zomwe nthawi zambiri zimachokera ku chingwe choduka m'kati, khomo la USB lotha kapena mphamvu yochepa. Pamakompyuta ndi mafoni ofala, 110 amatanthauza kuti chipangizo sichinayankhe m'nthawi yake, 5 kuti kuwerenga kapena kulemba kwakanika, ndipo 12 kuti memory yaperewera.

Manambala amenewa amanena mtundu wa kulephera, koma sanena kuti uthengawo ndi uti mwa zikwizikwi za mauthenga omwe kernel ingalembe. Chokhacho chozindikiritsa uthenga ndi mawu ake a Chingerezi, ndipo mawuwo alibe chitsimikizo chilichonse. Wolemba pulogalamu ali ndi ufulu wowasintha m'mtundu wotsatira wa kernel popanda kudziwitsa aliyense.

Zitsanzo ziwiri zikuonetsa kuvuta kwake. Memory ikatha, kernel imasankha pulogalamu imodzi n'kuipha kuti makina apulumuke. Kwa zaka zambiri uthenga wake unkayamba ndi mawu akuti "Out of memory: Kill process", koma m'mitundu yatsopano umayamba ndi "Out of memory: Killed process". Tikompyuta ta Raspberry Pi, tomwe timakondedwa pophunzitsa komanso m'malo oyendera sola, timachenjeza mphamvu ikatsika pansi pa mavoti pafupifupi 4.63. Kale chenjezolo linkalembedwa "Under-voltage detected!", lero limalembedwa "Undervoltage detected!" popanda kamzere kapakati. Munthu amaona kuti nkhani ndi imodzi. Koma kapulogalamu kolondera, komwe kanauzidwa kuti kalize belu kakaona mawu akale ndendende, kamangokhala chete, ndipo woyang'anira amagona mtima uli m'malo pamene makina akuonongeka.

Vuto lina ndi lakuti chiganizo chimodzi, monga chonena kuti memory yakanika kupezeka, chimalembedwa m'malo ambiri osiyana m'kati mwa kernel. Wofufuza mawuwo pa intaneti amapeza mayankho a vuto la chipangizo china, a mtundu wina wa kernel, olembedwa zaka khumi zapitazo, ndipo alibe njira yodziwira kuti lomukhudza ndi liti.

Mwambo wa mabuku a mauthenga

Kampani ya IBM inayamba kuthana ndi vutoli m'zaka za m'ma 1960, italengeza makina ake aakulu a System/360 mu 1964. Pamakinawa ndi pa zidzukulu zake za lero, uthenga uliwonse umayamba ndi chizindikiro chosasintha. Zilembo zoyamba zimanena chigawo chomwe chalankhula, manambala otsatira amanena uthengawo, ndipo chilembo chomaliza chimauza woyendetsa makina chochita. IEF403I amatanthauza kuti ntchito yayamba, IEF404I kuti yatha. Chilembo I chimasonyeza chidziwitso chabe, A kuti achitepo kanthu tsopano, D kuti asankhe chochita, E kuti adzachitepo kanthu akapeza mpata. Mabuku a MVS System Messages a makina a z/OS alipo mavoliyumu 10, ndipo pa uthenga uliwonse amafotokoza tanthauzo, zomwe makina achita okha, zomwe woyendetsa ayenera kuchita, ndi zomwe zatsalira katswiri wamkulu.

Ena anatsata njira yofananayo. Makina a VMS a kampani ya Digital Equipment Corporation ankalemba zizindikiro monga %SYSTEM-F-ACCVIO, zonena chigawo, kukula kwa vuto ndi dzina la uthenga. Pa Windows, chochitika nambala 41 chochokera ku Kernel-Power chimatanthauza kuti kompyuta inayakanso isanazimitsidwe mwadongosolo, ndipo amisiri a m'dera lovuta magetsi amachidziwa pamtima. Chinsalu chabuluu chikabwera ndi 0x0000007B, ndiye kuti Windows yakanika kufikira diski yoyambira. Pa 19 Julayi 2024, pamene pulogalamu yachitetezo ya kampani ya CrowdStrike inagwetsa makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni a Windows, malinga ndi chiwerengero cha Microsoft, akatswiri a m'maiko osiyana anazindikira msanga kuti akulimbana ndi vuto limodzi chifukwa zinsalu zawo zinkaonetsa zizindikiro zofanana ndi dzina la fayilo imodzimodzi.

Ubwino wa njirayi ndi wofanana ndi wa manambala a matenda omwe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linakhazikitsa. M'ndondomeko ya ICD-10, B50 ndi malungo a mtundu wa falciparum, kaya dokotala wafotokozera wodwala m'Chitumbuka ku Mapale kapena m'Chipwitikizi ku Tete. Mawu angasinthe, koma nambala imasunga nkhani kuti ikhale imodzi, iwerengeke, ndiponso ipezeke m'buku.

Zomwe zinayesedwa mu Linux

IBM itayamba kuyendetsa Linux pamakina ake aakulu cha m'ma 2000, makasitomala ake, omwe ambiri ndi mabanki ndi maboma, ankayembekezera buku la mauthenga monga anazolowera. Mu 2007 Michael Holzheu wa kampaniyi anapereka ganizo lolembera mauthenga a kernel mafotokozedwe, ndipo mu 2008 mnzake Martin Schwidefsky anabweretsa ndondomeko yotchedwa kmsg. Uthenga uliwonse ukanayamba ndi dzina la chigawo ndi chizindikiro chake, ndipo mafotokozedwe akanasanduka masamba owerengeka pamakina pomwepo popanda intaneti. Pofuna kupewa ntchito yogawa manambala ndi manja, chizindikirocho chinadzakhala zilembo ndi manambala asanu ndi limodzi owerengedwa ndi kompyuta kuchokera ku mawu a uthengawo. Ndondomekoyi inagwira ntchito mu SUSE Linux Enterprise Server ya makina a IBM, ndipo IBM inasindikiza buku la mauthengawo, koma siinalandiridwe mu kernel ya anthu onse.

Okana anali ndi zifukwa zomveka. Kernel ya Linux ili ndi mizere yoposa 30 miliyoni, mtundu watsopano umatuluka pakatha masabata 9 kapena 10 alionse, ndipo pa mtundu uliwonse pamagwira ntchito anthu pafupifupi 2,000 a m'makampani ndi maiko osiyana. IBM imalamula antchito ake kulemba buku, koma Linux ilibe bwana wolemba ntchito onsewo. Panalibe wodzipereka kugawa manambala, ndipo buku losakonzedwa limakalamba msanga n'kuyamba kusocheretsa owerenga. Chifukwa china n'chakuti Torvalds amaumirira lamulo loti kernel isaphwanye chinthu chomwe mapulogalamu a anthu amadalira. Olemba kernel ankaopa kuti nambala ikaikidwa idzasanduka lonjezo, ndipo adzamangika manja pofuna kukonza kapena kuchotsa uthenga. Ambiri ankanenanso kuti popeza zolemba za Linux n'zosabisa, wofuna tanthauzo afufuze mawuwo m'zolembazo. Yankho limeneli limakwanira wolemba kernel, koma silithandiza kalaliki wa pachipatala yemwe makina amufera odwala ali pamzere. Chizindikiro chowerengedwa kuchokera ku mawu chinalinso ndi chilema chake: wina akakonza chilembo chimodzi cholakwika, chizindikiro chonse chimasintha.

Mu 2011 Lennart Poettering ndi Kay Sievers anayambitsa journal ya systemd, yomwe imalola uthenga kunyamula chizindikiro cha zilembo ndi manambala 32 chotchedwa MESSAGE_ID. Chizindikirochi chimapangidwa mwachisawawa, motero sipafunika ofesi yogawa manambala. Pambali pake pali kaundula wa mafotokozedwe, yemwe amaoneka polemba journalctl -x, ndipo anamasuliridwa m'zilankhulo monga Chijeremani, Chifalansa ndi Chirasha. Koma atsogoleri a kernel, kuphatikizapo Torvalds, sanagwirizane ndi zoika zizindikiro zazitalizi m'mauthenga awo, ndiye kaundulayu amafotokoza mauthenga a systemd ndi mapulogalamu ena, osati a kernel.

Zomwe kernel inalandira ndi zosintha zazing'ono koma zothandiza. Mu Linux 3.5 ya 2012, ntchito ya Sievers inachititsa kuti uthenga uliwonse usungidwe paokha ndi nambala ya mndandanda, nthawi yake, komanso dzina la chipangizo chokhudzidwa. Nambalayi imasonyeza ngati mizere ina yasowa pakati, koma imayambiranso makina akayatsidwa, choncho si dzina la uthenga. Mu Linux 5.15 ya 2021 munalowa printk index, ntchito ya Chris Down wa ku Facebook, kampani yomwe imalondera maseva ambirimbiri ndipo inkavutika ndi mawu osinthasintha. Njirayi imatulutsa mndandanda wa mauthenga omwe kernel yomangidwayo ingalembe, kuti woyang'anira afananize ndi omwe amalondera asanaike mtundu watsopano. Mu Linux 6.12 ya 2024 munabwera mwayi woonetsa QR code kernel ikagwa, yomwe imanyamula mizere yomaliza ya mauthenga kuti munthu aijambule ndi foni.

Momwe nkhaniyi imakhudzira Mzuzu

Chinthu choyamba chovuta mumzindawu ndi magetsi. Mphamvu yambiri ya dziko lino imapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo imayenda mtunda wautali isanafike kumpoto. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthimathima kunapitirira mpaka 2023. Makina akathima mwadzidzidzi ali m'kati molemba, akayakanso kernel imayesa kukonza diski n'kulemba mizere monga "EXT4-fs: recovery complete". Umenewu ndi uthenga wabwino, wonena kuti zakonzeka. Koma mzere wa "I/O error, dev sda, sector" ukamabwera mobwerezabwereza, ndiye kuti diski kapena chingwe chake chikufa, ndipo chofunika msanga ndi kukopera zonse kwina. Kwa wosazolowera, mizere iwiriyi imaoneka yoopsa chimodzimodzi. Wina amataya diski yabwino chifukwa cha mantha, wina amapitiriza kugwiritsa ntchito yodwala mpaka mbiri ya odwala kapena malikisi a ophunzira atatayika.

Chachiwiri ndi mtunda. Chipatala chachikulu cha Mzuzu, chomwe chinatsegulidwa mu 2000, chimalandira odwala otumizidwa kuchokera ku Chitipa, Karonga, Rumphi, Nkhata Bay, Mzimba ndi Likoma, ndipo maofesi ambiri a boma, mabanki ndi mabungwe amayang'anira maboma omwewa kuchokera mumzindawu. Kupita ku Chitipa ndi ulendo wa maola ambiri, ku Likoma kumafuna sitima kapena ndege, ndipo Lilongwe ili pamtunda wa makilomita oposa 350. Thandizo lambiri limaperekedwa pafoni. Kuwerengera munthu chiganizo chachitali cha Chingerezi chodzaza ndi zizindikiro pa netiweki yodukaduka n'kovuta, ndipo chilembo chimodzi chikalakwika kufufuza konse kumasochera. Chithunzi cha pa WhatsApp chimathandiza, koma chimafuna bandulo ndi netiweki yokwanira. Nambala yaifupi imaneneka pafoni iliyonse, ngakhale kudzera pa uthenga wa SMS.

Chachitatu ndi intaneti yomwe. Malangizo akuti munthu afufuze mawuwo pa Google amaiwala kuti nthawi zambiri chomwe chafa ndi seva kapena kabokosi kogawa intanetiyo. Buku losungidwa pamakina kapena papepala limagwira ntchito ngakhale waya utaduka.

Chachinayi ndi chilankhulo. Mauthenga a kernel ya Linux ndi a Chingerezi chokha, ndipo ndi Chingerezi chodukiza cha akatswiri, chovuta ngakhale kwa amene anakhoza bwino MSCE. Kumpoto anthu amagwira ntchito m'Chitumbuka, Chitonga, Kyangonde, Chilambya ndi Chichewa. Kumasulira uthenga weniweniwo n'koopsa chifukwa mawu ndiwo dzina lake lokhalo, ndipo akamasuliridwa sungapezekenso pofufuza. Pakakhala nambala, mafotokozedwe angalembedwe m'chilankhulo chilichonse popanda kutaya njira yobwererera ku gwero.

Amisiri okonza mafoni mumsika nawo amakumana ndi nkhani yomweyi. Foni yomangozima n'kuyakanso imasiya mizere yomaliza ya kernel m'kachigawo ka memory kotchedwa pstore, ndipo mizereyo inganene ngati vuto lili pa batire, pa kutentha kapena pa chipangizo chosungira. Pamafoni ambiri mizereyi siifikirika popanda zida zapadera, ndipo ikapezeka palibe buku lofotokoza. Mapeto ake foni imafulashidwa yonse, mwini wake n'kutaya zithunzi ndi manambala, pamene vuto linali la chipangizo cha m'kati mwa foniyo.

Kaundula wa pamalo

Popeza kernel siipereka manambala, bungwe lililonse loyendetsa makina a Linux lingapange akeake. Ntchitoyi siifuna ndalama zambiri, koma imafuna mwambo.

Choyamba ndi kuonetsetsa kuti mauthenga sakutayika. Journal iikidwe kuti izisunga pa diski, mufoda ya /var/log/journal, kuti katswiri athe kuona zomwe zinalembedwa magetsi asanathime polemba journalctl -k -b -1. Kope lina lizitumizidwa ku makina ena kudzera pa rsyslog, chifukwa diski yomwe ikufa siingadalirike kusunga mbiri ya imfa yake. Mzindawu ukudziwa kale kuopsa kosunga zinthu pamalo amodzi: moto wa mu Disembala 2015 unapsereza laibulale ya Mzuni ndi mabuku zikwi zambiri usiku umodzi. Wotchi ya makina nayo ikhale yolondola. Kabatire kakang'ono ka m'kati mwa kompyuta kakatha, tsiku limabwerera m'mbuyo makina akathima, ndipo mauthenga a masiku osiyana amasakanikirana.

Chachiwiri ndi kulemba kaundula. Sipafunika kufotokoza mauthenga onse, chifukwa omwe amavutitsa ofesi imodzi ndi ochepa ndipo amabwerezabwereza: a diski, a memory, a kutentha, a netiweki, a USB ndi a mphamvu. Uliwonse upatsidwe nambala yaifupi yokhala ndi chilembo cha gulu lake. Pansi pake palembedwe mawu enieni a uthengawo osasintha chilembo, mtundu wa kernel womwe lamulo la uname -r laonetsa, ndi makina omwe unaonekapo. Kenako patsatidwe mafunso anayi a mabuku a IBM: ukutanthauza chiyani, makina achitapo chiyani okha, munthu amene ali pafupi achite chiyani, ndipo katswiri aitanidwe liti. Mawu a uthenga akasintha m'mtundu watsopano, amangowonjezeredwa pansi pa nambala yomweyo. Nambala yomwe yasiya kugwira ntchito isapatsidwenso uthenga wina, chifukwa malipoti akale adzasokonekera.

Chachitatu ndi kuyesa kaundulayo nthawi iliyonse kernel ikasinthidwa. Kumene printk index ilipo, mndandanda wake ufananizidwe ndi mawu omwe akulonderedwa. Kumene kulibe, mawuwo afufuzidwe m'zolemba za mtundu watsopanowo usanaikidwe pamakina omwe anthu amadalira.

Chachinayi ndi chinsinsi. Mauthenga amatha kunyamula maadiresi a netiweki, manambala a zipangizo ndi maina a mafayilo, ndipo mauthenga a mapulogalamu ena amathanso kukhala ndi maina a anthu. Lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu la Data Protection Act la 2024, lomwe bungwe la MACRA limayang'anira, limapereka udindo kwa osunga zinthu zotere. Chithunzi cha sikirini chisanatumizidwe ku gulu la WhatsApp, zonse zosafunika pa funsolo zifufutidwemo.

Chachisanu ndi kugawana ndi kuphunzitsa. Akatswiri amasintha ntchito, mapulojekiti amatha, ndipo nzeru yomwe inali m'mutu mwa munthu mmodzi imachoka naye. Kaundula wolembedwa amatsala. Mzuni, yunivesite ya Livingstonia, Mzuzu Technical College ndi malo ophunzitsira achinyamata monga Mzuzu E-Hub ali ndi ophunzira ofuna ntchito yofufuza yaphindu, ndipo kusonkhanitsa mauthenga omwe amaoneka m'zipatala, m'sukulu ndi m'maofesi a kumpoto, n'kuwafotokoza m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, ndi ntchito yomwe angaikwanitse. Mabungwe olumikizidwa ndi MAREN, netiweki ya sukulu za ukachenjede ndi zofufuza m'dziko muno, angasunge kaundula mmodzi wothandiza onse. Kuwerenga dmesg kuyenera kuphunzitsidwa msanga, pamodzi ndi kuika Linux pamakina, chifukwa wodziwa kuika koma osadziwa kumva madandaulo a makina amangofufuta zonse n'kuyambiranso vuto lililonse likabwera.

Mpaka pano kernel ya Linux ya anthu onse ilibe nambala yosasintha ya uthenga uliwonse ndipo ilibe buku lofotokoza mauthenga ake onse. Zomwe ilinazo ndi milingo 8 ya kukula kwa nkhani, manambala a mitundu ya zolakwika, nambala ya mndandanda kuyambira 2012 ndi mndandanda wa mauthenga kuyambira 2021. Olemba kernel anasankha ufulu wosintha mawu, ndipo mtolo wosunga tanthauzo unagwera oyendetsa makina. Makampani aakulu amasenza mtolowu polemba ntchito magulu a akatswiri. Chipatala, sukulu kapena ofesi ya ku Mzuzu ingausenze pokhala ndi kaundula wakewake, wokhala ndi manambala, wokonzedwa nthawi ndi nthawi ndiponso wowerengeka popanda intaneti.